Mzungu pa Sikelo

Pano pamudzi alipo anthu amene mpaka lero amati ine ndinataya ntchito yabwino ku Lusaka chifukwa cha chibwana cha bayisikopo. Alekeni anene. Ambiri mwa iwo sanawolokepo ngakhale mlatho wa Luangwa, ndiye ndizikangana nawo za chiyani? Ntchito ija sinandipulumuke mwangozi ayi. Ndinaiona bwinobwino ili m'manja mwangamu, ndinadziwa kuti ndi imene ikudyetsa mkazi ndi mwana, ndipo ndinaiponya ndekha maso ali gwa. Atandibwezera tsiku lija ndikhoza kuchitanso zomwezo.

Ku Lusaka sikumene ndinkafuna kupita. Anzanga onse ankalowera ku Joni, kumigodi, nanenso ndinakafola nawo kwa olemba anthu ntchito. Anativula malaya pabwalo, dzuwa lili phwee. Dokotala ankatigogoda pachifuwa, kutiyasamitsa, kusuzumira mano ngati akugula ng'ombe, kenako aliyense ankakwera pa sikelo. Ine ndinali kamunthu kowonda. Anzanga anali atandilangiza kuti ndimwe madzi ambiri m'mawa ndi kudya nthochi kuti ndilemereko, ndipo ndinamwa mpaka mimba kuchita ndi, koma muvi wa sikelo sunafike pamene ankafuna. Kalaliki anandilemba mtanda wa choko pachifuwa n'kundiuza kuti ndapepuka, ndipatuke. Ndinapatuka anthu akuseka. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawaiwale, ndipo musawaiwale nanunso chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Kubwerera kukakhala kuchikamwini ndi mtanda pachifuwa ndinakana. Ndinangofika kudzatsanzika amake Tereza, mkazi wanga, mwanayo ali khanda kumsana, n'kukwera lole ya ku Fort Jameson. Kuchoka apo inali lole inanso, fumbi lokhalokha, mpaka Lusaka. Inali nthawi ya Chitaganya, pamene ankatiuza kuti Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja tsopano ndi dziko limodzi.

Amene anandilandira anali Che Saidi, telala wachiyao wa ku Fort Johnston, amene ankasoka pakhonde la sitolo ya mmwenye kufupi ndi msika. Sitinali pachibale, anangomva kalankhulidwe kanga ndikufunsa njira n'kundiitana. Iwo ku Joni anapitako, anabwerako ndi chifuwa chosatha ndi makina osokera. Anali munthu wa Chisilamu wosaphonya swala, wosamwa, wolankhula pang'onopang'ono, koma akati aseke ankaseka mpaka kutsokomola. Anandigoneka kwawo mpaka ndinapeza ntchito ya m'dimba la maluwa ku Kabulonga, kwa Dona wina amene mwamuna wake ankagwira m'boma. Ntchitoyo ndi imene inandipatsa malo ku Kabwata, m'timanyumba tozungulira taudzu tija. Muzidziwa kuti masiku amenewo ntchito, nyumba ndi chitupa zinali zomangiriridwa pamodzi. Bwana akangosaina kuti wakuchotsa, bedi lako lapita, ndipo wapolisi akakupeza m'tauni umakhala ngati wakuba.

Dona ameneyu sanali woipa monga ena. Sankatukwana. Khrisimasi ankandipatsa malaya a mwamuna wake, ndipo ndikadwala ankandipatsa mankhwala. Komabe tiyi wanga ndinkamwera m'chitini cha jamu kuseri kwa khitchini, ndipo dzina langa analitchula molakwika zaka zonse zimene ndinakhala naye. Chimene ankakonda kuposa maluwa, mwina kuposa mwamuna wake yemwe, anali mafilimu. Anali mlembi wa kagulu ka azungu amene ankasonkhana Lachisanu m'holo ina ku Woodlands kuonera mafilimu amene mabayisikopo a mu Cairo Road sankawafuna.

Mafilimuwo ankabwera pa sitima kuchokera kumwera, m'zitini zaphwatalala zomangidwa ndi malamba, ndipo ine ndi amene ndinkakawatenga kusiteshoni. Pachitini chilichonse pankakhala mapepala omatamata ndi zidindo za mayiko. Tsiku lina ndinafunsa, ndiye Dona anakondwa ngati ndamufunsa za mwana wake. Anati ku Ulaya kuli matauni amene chaka chilichonse amachita chikondwerero cha mafilimu. Mayiko amatumiza mafilimu awo, anthu amaonera sabata yathunthu, oweruza n'kusankha opambana. Filimu ikapambana imayamba ulendo, tauni iyi, dziko ilo, mpaka kudzatipeza ife patatha zaka, itatopa, ili ndi mikwingwirima. Ndinayang'ana zidindo zija n'kuganiza kuti kachitini aka kanali ndi chitupa chabwino kuposa changa, chifukwa palibe anakabweza pamalire.

Poyamba ntchito yanga inali kunyamula mipando ndi makina. Woyendetsa makina anali mwamuna wa Dona, munthu wa zala zikuluzikulu ndi mtima wapachala. Ine ndinkangoima kumbuyo kwake duu, maso ali pa zala zakezo. Tsiku lina filimu inakodwa, chithunzi chinaima n'kuyamba kupsa pakati, azungu n'kuyamba kung'ung'udza, bwana thukuta kamukamu akungosindikiza chilichonse. Ndinatambasula mkono n'kuthimitsa babu, kumasula filimu, kuipatsa mpata wake pamwamba ndi pansi, n'kuyatsanso. Inayenda. Kuyambira tsiku limenelo bwana ankakhala pampando ndi anzake, ine ndili kumakina.

Dona anandiphunzitsa kulumikiza filimu ikaduka. Umadula mowongoka ndi lezala, kupala pang'ono mbali imodzi mpaka iyere, kupaka mankhwala omatira onunkha ngati a chipatala, kulinganiza timabowo ta m'mbali, kenako kupanikiza ndi chala n'kuwerenga mpaka makumi awiri. Pamenepo pali chinthu chimene wosagwira ntchitoyi sangachidziwe: nthawi iliyonse ukadula n'kulumikiza, kachithunzi kamodzi kapena tiwiri timatayika. Filimu siibwerera mmene inalili. Ine zala zanga zinali zing'onozing'ono, ndipo ndinafika poti ndikalumikiza, palibe ankadziwa kuti panaduka.

Tsono nachi choseketsa. Lamulo linkati munthu wakuda asaonere mafilimu amenewa. Koma wina anayenera kuyang'anitsitsa pansalu paja kuti chithunzi chisachite mbuu. Ndiye ine sindinkaonera ayi, ndinkagwira ntchito. Mwa njira imeneyi ndinagwira ntchito pa mafilimu a ku Japan, a anthu ogwada pamphasa ogwadirana mwaulemu kuposa ife Achewa. Ndinagwira pa a ku India, n'kudabwa kuti kwawoko amwenye ambiri alibe sitolo, amayenda osavala nsapato. A ku Poland anali mabwinja a nkhondo okhaokha. A ku France ndiwo ankanditopetsa, abale, kungolankhula ndi kusuta, munthu kuyenda mumsewu mpaka wilo, mpukutu wonse wa filimu, kutha osafika kumene akupita, azungu n'kuwomba m'manja. Mawu achingerezi olembedwa pansi ankathamanga kuposa sukulu yanga, choncho ndinaphunzira kuwerenga nkhope. Ndipo poti filimu iliyonse ndinkayamba ndaiyesa m'galaja, ndinkaiona kawiri kapena katatu, kuposa eni akewo.

Kwathu ku Kabwata nakonso kunali bayisikopo, m'holo ya komboni, koma ya makauboyi okhaokha. Ndinkapita ndi Che Saidi. Anthu ankakuwa, kuimba mluzu, kuchenjeza mwini filimu kuti mdani ali kumbuyo. Chimene chinkatikwiyitsa chinali kudumpha. Munthu wakweza nkhonya, mwadzidzidzi ali pahatchi kuphiri. Mkazi wayandikira mwamuna, mwadzidzidzi kwacha. Holo yonse inkatembenukira kumbuyo n'kutukwana wa makina kuti wadya filimu, mbava, akagulitsa kuti? Nanenso ndinatukwana nawo, mpaka Dona anandifotokozera kuti filimu iliyonse yopita kwa anthu akuda imayamba yadutsa kwa akuluakulu ena, ndipo iwo amalamula zodula. Munthu wakuda asaone mzungu akumenyedwa, mzungu ataledzera, mzungu atavula, kapena mkazi wachizungu akupsompsonedwa. Nditawauza Che Saidi anangopukusa mutu n'kunena kuti kodi amaganiza kuti amene amachapa makabudula awo ndi kukolopa masanzi awo ndani.

Zaka zinapita. Kangachepe ndi nsalu ndinkatumiza kudzera kwa madalaivala a malole, ndipo makalata ochokera kumudzi, olembedwa ndi aphunzitsi, ankanena kuti Tereza wayenda, Tereza waguluka mano, denga likudontha. Chaka chilichonse ndinkati ndipita chaka chamawa.

Kenako inabwera filimu ija. Inali ya ku Italy, yopambana mphotho kwinakwake, mawilo atatu. Ndinaiyesa ndekha m'galaja Lachinayi masana, chitseko chotseka, nsalu itapachikidwa pakhoma. Inayamba ndi mudzi wamiyala paphiri louma, azungu osauka zedi, mbuzi zowonda, mkazi akugawa buledi mmodzi kwa ana asanu. Kunabwera munthu wa jekete kudzalemba amuna ntchito yokaboola phiri kudziko lina. Ndinkayang'ana mwaulesi, dzanja lili pamakina. Ndiyeno wilo yachiwiri itayamba ndinaona amuna aja atafoletsedwa pabwalo. Anawavula malaya. Dokotala anawagogoda pachifuwa, kuwayasamitsa, kusuzumira mano. Kenako sikelo. Mnyamata mmodzi wowonda anakwerapo, nthiti zikuwerengeka, maso ali pa muvi, ndipo kalaliki anabwera ndi choko.

Ndinathimitsa makina. Ndinakhala pansi pa simenti, ndipo ndinalira, ine munthu wamkulu wa mwana. Sindinkalirira mzunguyo. Zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti choko chija anachipangira ife, kuti pali china chake pakhungu lathu chimene chimaitana sikelo. Nditapukuta misozi ndinabweza filimu n'kuoneranso pamenepo katatu.

Lachisanu ku Woodlands azungu anaionera ali zii. Dona ndinamuona ndi maso angawa akupukuta misozi pa malo omwe aja a sikelo. Pomaliza, pamene mkazi wa mnyamata uja, amene pambuyo pake anamutengabe kuntchito kuja, analandira chipewa ndi nsapato za mwamuna wake m'phukusi, phiri litamugwera, holo yonse inali kufwenthera. Potuluka ankauzana kuti ndi filimu yokhudza mtima, uku akundipatsira makapu kuti ndikatsuke.

Masiku amenewo mawu okoma m'kamwa mwa azungu ena anali akuti mgwirizano wa mitundu. Dona anaganiza zoti filimuyi isanabwerere, ikaonetsedwe ku Kabwata Lamulungu la sabata yotsatira masana, anthu akuda alaweko mafilimu enieni. Anathamangathamanga m'maofesi, chilolezo n'kupezeka. Koma filimu inabwerako kwa akuluakulu aja ili ndi timapepala titatu totsomekedwa m'mawilo, ndi kalata. Padulidwe pamene mwamuna akupsompsona mkazi wake potsanzika. Padulidwe pamene antchito agwira kapitawo pakhosi anzawo atafa. Ndipo padulidwe pabwalo ponse paja, kuyambira povula malaya mpaka pa choko.

Wodula anali ndani? Ine. Dona anandipatsa lezala ndi chitini chopanda kanthu, nati zidutswazo ndisunge bwino, ndidzazibwezere Lolemba filimu isanakwere sitima. Ndinamuuza kuti tikachotsa pamenepo palibe chotsala, anthu adzangoona munthu akutsanzika kenako nsapato zikubwera. Anati akudziwa, zikumupweteka nayenso, koma ndi lamulo, ndipo theka la filimu liposa kusowa filimu. Anandipatsanso pepala la mawu oti ndizikawerengera anthu m'Chinyanja kuti atsatire nkhani.

Ndinadula. Ndisaname, ndinadula ndithu, malo onse atatu, bwinobwino monga anandiphunzitsira. Zidutswa ndinazikulunga n'kuika m'chitini, ndipo tizithunzi totayika podula tija ndinatitola pansi n'kuika m'thumba la malaya. Nditaiyendetsa kuti ndione, inadumpha monga zimadumphira za makauboyi. Ndinamva kale m'makutu mwanga Kabwata yense akunditembenukira kuti wa makina wadya filimu. Ndipo ulendo uno akanakhala akunena zoona.

Loweruka madzulo ndinapita pakhonde pa Che Saidi. Iwo ndi amene anasoka nsalu yoonetserapo, mashiti awiri olumikiza, ndipo anali kumalizitsa mpendero. Ndinatulutsa kachithunzi kamodzi ka mnyamata wa pa sikelo uja n'kuwauza kuti ayang'anire kudzuwa. Anaimitsa makina, kuvala magalasi, kuyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa ngati ameneyo ndi mzungu weniweni. Nditavomera anafunsanso chimene ndikuganiza kuchita, ndipo ndinawauza. Sanandilimbikitse ayi. Anandikumbutsa za chitupa, za nyumba, za Tereza amene akufunika yunifolomu, ndi kuti ife a ku Nyasaland akutiona kale ngati oyambitsa chipolowe kulikonse. Anati filimu ndi mthunzi chabe, munthu sadya mthunzi. Ndinawayankha kuti ngati ndi mthunzi chabe, nanga akuuoperanji mpaka kundipatsa lezala? Anatsokomola, n'kupondanso makina awo.

"Mawa ndikhala pafupi ndi pulagi," anatero osandiyang'ana.

Lamulungu m'mawa, Dona ali kutchalitchi, ndinatsekula galaja n'kubwezera zidutswa zonse zitatu. Kupala, kupaka, kupanikiza, kuwerenga mpaka makumi awiri. Sindinalumikizepo bwino chotero moyo wanga wonse.

Holo inadzaza mpaka pamawindo, amene tinawatchinga ndi masaka kuti mukhale mdima. Kunja dzuwa linali kuswa mtengo, mkati fungo la thukuta. Panali Abemba, Ansenga, Atonga, Alozi, ife a ku Nyasaland, amayi ndi makanda. Kutsogolo kunali mipando inayi: Dona, anzake awiri, ndi bwana woyang'anira holo ya komboni, mzungu wofiira wosavula chipewa. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni ndi makina, chingwe chamagetsi chikutsata khoma mpaka pa pulagi, pamene Che Saidi anakhazika mpando wawo ndi mkanjo wawo woyera.

Wilo yoyamba anthu anaipirira monyinyirika. Ena ankafunsa kuti mahatchi abwera liti. Ena anaseka poona mzungu wa zigamba akukama mbuzi, amvekere ameneyu ndi wongoyerekeza. Ine ndinkawerenga pepala la Dona mokweza. Pamene mwamuna anapsompsona mkazi wake anyamata anaimba mluzu, ndipo ndinaona chipewa cha bwana uja chikutembenukira kwa Dona. Mwina anaganiza kuti ndangoiwala malo amodzi. Ndinasintha wilo, pepala lija n'kulipinda kuika m'thumba.

Pabwalo paja patafika, phokoso linayamba kuzilala lokha, kuyambira kutsogolo kubwera kumbuyo. Azungu akuvula malaya. Dokotala akugogoda. Kukamwa yasa. Sindinamasulire kanthu, panalibe chomasulira. M'holomo munali amuna ambirimbiri amene anaimapo pamzere wotero, wa kumigodi ya mkuwa, wa ku Wankie, wa ku Joni. Chimene chinkamveka ndi kulira kwa makina anga basi. Mnyamata wowonda uja atakwera pa sikelo, mayi wina chapakati analankhula, osati mokuwa, koma aliyense anamva.

"Kanshi na beve bamabapima."

Ankatanthauza kuti kani nawonso amawayeza pa sikelo. Bwana wa chipewa anadzambatuka. Anakuwa kuti ndithimitse. Ine maso anali pansalu, ndikukonza chithunzi kuti chioneke bwino, monga mwa ntchito yanga. Anayamba kubwera kumbuyo kudzera pakati, koma njira imene inalipo poyamba inali itasowa. Palibe anamukankha, palibe anamukhudza, palibe ngakhale anamuyang'ana. Anthu anangoima phewa ndi phewa, maso kutsogolo, ngati samumva. Anatembenukira kukhoma kuti akazule pulagi, n'kupeza nkhalamba ya mkanjo itatsamira pomwepo, ikutsokomola, ikumuuza mwaulemu wonse kuti pepani bwana, mwendo wachita dzanzi. Pofika pamene antchito anagwira kapitawo pakhosi, bwana uja anali atatulukira khomo lam'mbali kukaimba foni.

Ndinkayembekeza kuti pamenepo anthu akuwa ndi kuwomba m'manja monga amachitira ndi makauboyi. Sanatero. Anangopumira m'mwamba onse pamodzi. Wilo yachitatu inatha apolisi asanafike. Phukusi la nsapato litatsekulidwa, amayi ena analira mokweza ngati pamaliro, ndipo bambo wina pafupi nane anavula chipewa. Masaka atachotsedwa pamawindo anthu anatuluka mwakachetechete. Palibe ananena kuti wa makina wadya filimu.

Ndinabweza filimu m'mawilo ake, yathunthu, n'kuitsekera m'zitini. Dona anabwera nkhope ili mbee. Sanakalipe. Anati ndamuchititsa manyazi, kagulu kawo kakhoza kutsekedwa, mwamuna wake akafunsidwa kuofesi, ndipo anandikhulupirira ngati wa m'nyumba mwake. Anandifunsa kuti ndachitiranji zimenezi. Ndinamuyankha mowongoka.

"Dona, Lachisanu munalira pa sikelo paja, ndinakuonani. Inu simunakwerepo pa sikelo. Ife amene tinakwerapo, bwanji tisalire nawo?"

Ndimakhulupirira kuti anamva. Koma kumva kwake sikunaletse dzanja lake kusaina chitupa changa Lolemba m'mawa.

Apolisi anandisunga masiku awiri. Ankafuna kudziwa amene anandituma, kuti ndi andale ati, ndimasonkhana ndi yani. Ndinawauza kuti anandituma ndi choko, ndipo anandipatsa khofi poganiza kuti ndikuwachita chipongwe. Mkulu wawo anati ndikalemba kalata yopepesa, kunena kuti ndinasokoneza mawilo mosadziwa, mwina angandilole kufuna ntchito ina m'tauni. Taonani, ine amene ndinkalumikiza filimu osaoneka chipsera, ndivomere kuti ndinasokoneza mosadziwa? Ndinakana. Ndinati ndinadziwa, ndipo ndinalumikiza bwino. Pamenepo anthu omwe aja ankati dziko ndi limodzi anakumbukira msanga kuti ndine wa ku Nyasaland, n'kundipatsa masiku oti ndikhale nditachoka.

Masiku otsalawo ku Kabwata anthu osawadziwa ankandipatsa moni panjira, amvekere shani ba Sikelo. Mayi wina anandipatsa mtedza wokazinga wa paulendo. Che Saidi anandisokera kathumba kakang'ono ka kaki, kokhala ndi batani, koti ndisungiremo tizithunzi tija. Anandiperekeza pokwerera lole. Sitinalankhule zambiri. Anangoti akanakhala ine sakanachita, koma akuthokoza Mulungu kuti anakhala ndi moyo mpaka kuona. Sindinawaonenso, ndinangomva patapita zaka kuti chifuwa chija chinawatenga.

Kumudzi ndinafika masana ndi sutikesi imodzi, wopanda njinga, wopanda wailesi. Tereza, mtsikana wotha kusenza ndowa, atandiona anathawira kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anga aakazi anali atamwalira. Munda umene ndinaswa mphanje ndi manja anga unali m'manja mwa alamu anga, ndipo iwowo ndi amene anayamba kufalitsa zoti ena amabwera ndi makina osokera, awa abwera ndi nthano za bayisikopo. Mbiri inali itandipitirira kale ndi madalaivala.

Amake Tereza anali pakhonde akutongola chimanga. Anali atakalamba kuposa zaka zake, ndipo ndinadziwa kuti mbali ina ya ukalambawo ndinaubweretsa ndine. Sanaimirire. Anandipatsa moni ngati mlendo wodutsa, kenako anandifunsa ngati n'zoona kuti anandipatsa mpata wopepesa ine n'kukana. Ndinati n'zoona. Anafunsa ngati ndinaganizako za mwana pokanapo. Ndinati ndinaganiza. Anapitiriza kutongola, chimanga chikugwera m'lichero, ine nditaima pabwalo ndi sutikesi m'manja, ndipo ndinaona kuti khomo lija likhoza kunditsekekera.

Ndinamasula batani la kathumba kaja n'kuwapatsa kachithunzi kamodzi ka mnyamata wa pa sikelo uja, kakang'ono ngati chikhadabo, n'kuwauza kuti ayang'anire kudzuwa. Anapukuta manja pachitenje, kutsinzina diso limodzi. Anayang'ana nthawi yaitali. Iwo anali munthu yekhayo pamudzi pano amene anaona mtanda wa choko uja pachifuwa panga, chifukwa ndi amene anaupukuta ndi madzi tsiku lija.

"Ameneyu naye ali ndi mkazi kwawo?"

"Ali naye. Ndi ana."

"Anabwerera?"

"Iyayi. Zinabwerera nsapato zokha."

Anatsitsa dzanja. Kachithunzi kaja sanandibwezere, anakamanga pamfundo ya chitenje chawo pamene amasunga zinthu zosafunika kutaya. Kenako anasuntha lichero kuti pakhomo papitike, n'kuitana kuseri kwa nkhokwe.

"Tereza, bwera udzalandire sutikesi ya abambo ako."